Chitsulo Chosanyamula Kanthu

Ine, Winfried Kalbfleisch, wazaka 57, wobadwira m'mudzi wa Ober-Seemen koma wokhala ku Griesheim mumzinda uno wa Frankfurt, kapitawo wa amisiri omanga zitsulo, ndabwera kupolisi kuno ndekha lero Lolemba pa 24 Juni 1991, popanda wondiitana. Ndabwera pa nkhani ya imfa ya Ottmar Diefenbach, mmisiri wanga, ndi mlandu womwe mwamusenzetsa Nevzat Karabulut, woyendetsa kireni, makina okwezera katundu m'mwamba, woti ndiye anamugwetsa. Tsiku langozi ndinauza wapolisi mnzanu kuti sindinaone bwino. Linali bodza. Ndinaona zonse, ndipo Nevzat sanalakwe. Mwandichenjeza kuti zomwe ndinene zingathe kunditembenukira. Ndamva, lembani.

Nyumba yomwe tikumanga ndi ya maofesi, ya nsanjika 41. Ntchito ya zitsulo ndaigwira zaka 35. Kale tinkamanga mabokosi agalasi, osakongola inde, koma osanama: chomwe ukuchiona kuti chanyamula ndiye kuti chanyamuladi. Za masiku ano ndi zina. Khoma la nyumbayi limaoneka ngati la miyala ikuluikulu yoti amuna khumi sangaisunthe, pomwe mwalawo ndi wa masentimita atatu, wongokoleka pa zitsulo. Amene anajambula pulani ndi Bambo Tilmann Overbeck. Pamwamba penipeni anaikapo chomwe amachitcha chisoti: nsanamira 16 zozungulira denga, zotalika mamita asanu ndi anayi, zolumikizana ndi mitanda. Zisanu ndi zitatu ndi chitsulo chenicheni. Zinazo, pamodzi ndi theka la mitanda, ndi malata opinda bwino, mkati mulibe kanthu, ogwidwa ndi timabawuti ting'onoting'ono. Zonse zimapakidwa penti wofiira mofanana, kuti munthu ali pansi asathe kusiyanitsa.

Ottmar ndinagwira naye ntchito zaka 22. Anali wazaka 52, wapakamwa, koma pantchito wosamala kuposa tonse. Tsiku lomwe tinaona pulani ya chisoticho, mu Epulo, anaika chala pa nsanamira imodzi n'kundifunsa.

"Winni, iyi inyamula chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye ikudzatani?"

"Ikudzakongola."

"Ee, ngati mlamu wanga uja pa ukwati wa mwana wanga. Suti yamphamvu, koma mpando ngakhale umodzi osanyamula."

Tinaseka tonse. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti Ottmar ankadziwa zoti pachisotipo padzakhala zabodza.

Tili ndi njira ziwiri zodziwira poti munthu akole chingwe cha lamba wake. Yoyamba ndi ya maso: chitsulo chilichonse chomwe chingagwire munthu timachizunguliza mphete ya penti wachikasu. Yachiwiri ndi ya khutu, ya amisiri akale: usanakole ngowe, umagogoda kawiri ndi sipanala. Chitsulo chenicheni chimayankha mogonthera, malata amalira ngati chitini. Ottmar ankachita zonse ziwiri, ngakhale pa chitsulo chomwe wachimanga yekha dzulo lake.

Pa 21 Meyi kampani inatumiza Ottmar ku Hanau kukathandiza pa mlatho. Anakhalako masabata atatu ndi masiku atatu. Zabodza zija zinamangidwa iye kulibe, kuyambira pa 27 Meyi, ndipo anamanga ndi anthu a kampani ina ya malata. Ine ndinapaka mphete zachikasu pa zenizeni zonse, zinalipo 24.

Pa 5 Juni m'mawa Bambo Overbeck anakwera padenga. Anagogoda nsanamira yabodza ndi chala, inalira, nkhope yawo inasintha. Anati alendo akadzagogoda adzaseka, komanso mphepo ikamawomba zizisokosa. Analamula kuti zonse zabodza azithire thovu la mankhwala lomwe limauma gwa. Anthu a malata anathira pa 6 ndi pa 7. Ndinagogoda ndekha pambuyo pake. Kulira kuja kunali kutatha, zinkayankha pafupifupi ngati zenizeni. Ndinatukwana chamumtima, koma ndinati palibe kanthu, mphete zachikasu zilipo.

Lachinayi pa 13 Juni, cha m'ma 2 koloko masana, Bambo Overbeck anabweranso ndi munthu wojambula zithunzi, chifukwa mawa lake kunali phwando la denga, mwambo wokondwerera kuti nyumba yafika pamwamba, pomwe timakweza nkhata ya nthambi n'kuimangirira pamwamba penipeni. Ataona mphetezo anandiitana. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino.

"Bambo Kalbfleisch, nyumba yanga yadwala chikasu?"

"Ndi pokola zingwe, bwana. Anthu anga amadziwira pomwepo."

"Mawa kubwera atolankhani, kubwera akuluakulu a kubanki. Zaka zinayi ndikulimbana ndi chisotichi, ndiye chikatuluke m'nyuzipepala ndi mizeremizere ngati mavu? Fafanizani."

"Bwana, anthu anga alibe mapiko."

"Mawa akwera ndani? Mawa ndi mowa ndi soseji. Tsiku limodzi lokha, bambo. Loweruka mudzabwezeretse, mudzapake ngakhale nyumba yonse."

Ndinali ndi mphamvu yokana. Padenga paja, pa za chitetezo, mawu omaliza ndi anga, osati a wojambula pulani. Sindinakane. Ndinali nditatopa kukangana nawo chaka chonse, ndipo kunena zoona mutu wanga unali pa ndakatulo yomwe kapitawo amalakatula paphwando, yomwe inkandikanika kuloweza. Opaka penti anati akuweruka 4 koloko, sakhudzanso burashi. Ndinatenga chitini cha wofiira ndekha. Ndinayamba 3:30, ndinamaliza 5:15, mphete zonse 24. Mawu akuti mawa sakwera munthu ndinawameza dala, chifukwa ndinkadziwa bwino kuti nkhata siimangirira yokha.

Lachisanu pa 14 Juni kunacha bwino, mphepo inali yochepa. Nkhata inali ya nthambi za paini zolukidwa pa chitsulo chozungulira, mamita atatu m'lifupi, ya maliboni ambiri. Pa nyumba khumi ndi imodzi zomwe tamanga limodzi, womangirira nkhata pamwamba anali Ottmar, ndipo anabwerako ku Hanau tsiku limenelo chifukwa cha zomwezo. Anafika 10:15. Tinakwera chikepe awiriwiri. Chimatenga mphindi zinayi kufika pamwamba. Ine ndinali ndi pepala m'manja, milomo ikuyenda.

"Mdala iwe, thukuta layamba kale? Umayenda pa chitsulo mamita zana ndi theka ngati uli kuchipinda kwako, koma timizere makumi awiri takusandutsa mkwatibwi."

"Khala chete, undisokoneza."

"Chaka chatha unaiwala dzina la mwini nyumba. Lero udzangoti bwana uje, adzamva."

"Ottmar, ndati khala chete."

Anakhaladi chete. Mphindi zinayi zimenezo zinali zokwanira kumuuza zonse, ndipo ndinazithera pa ndakatulo.

Titafika padenga anayang'ana m'mwamba n'kuima.

"Winni, mphete zathu zapita kuti?"

"Za Overbeck izo. Dikira, ndikufotokozera."

Nthawi yomweyo Bambo Overbeck anandikodola kuti ndikapatse moni akuluakulu a kubanki. Ndikutembenuka ndinamva Ottmar akuti, "Pita kwa mabwana ako, khutu ndili nalo." Ndinamumva bwinobwino. Za thovu sankadziwa, ndipo ine ndinkadziwa kuti sakudziwa. Ndinati ndibwerera pompano. Anthu aja anandigwira ndi mafunso, wina kufuna kudziwa ngati sindichita chizungulire, wina kufuna kujambulitsa atavala chipewa changa. Sindinabwerere.

Alendo analipo pafupifupi 60, ndi oimba malipenga anayi. Nthawi ya 11:40 tinayamba kukweza nkhata. Kireni ili kumadzulo kwa nyumba, pomwe nkhata inkayenera kukakhala kum'mawa, ndipo pakatipo pali kanyumba ka makina komwe kamatchinga. Choncho Nevzat sankaona kanthu, ankangotsata mawu anga pa wailesi ya m'manja. Nevzat ndagwira naye zaka zisanu ndi zinayi. Ndi munthu woti ukamuuza kuti atsitse katundu wa matani awiri pambali pa kapu ya khofi, khofiyo satayika.

Nkhata itafika pafupi ndi chisoti, liboni limodzi linakola pa mtanda. Ndinati, "Ima." Anayankha kuti, "Ndaima, akapitawo." Ndipo anaimadi. Nkhatayo inali lende, zii, osagwedezeka, pafupifupi mita ndi theka kuchokera pa mtanda. Ine ndinali mamita asanu ndi limodzi kuchokera pa makwerero. Alendo onse anali atayang'ana kwa Bambo Overbeck, amene ankawafotokozera kuti chisoticho chikucheza ndi nsanja za matchalitchi akale a mumzinda.

Ottmar anakwera makwerero, mamita asanu. Anatulutsa sipanala, anagogoda mtanda kawiri, anapendeketsa mutu kumvetsera. Malipenga ankalira. Anagogodanso kachitatu, zomwe sankachita masiku onse. Kenako anakola ngowe. Pomwe ndinaima sindikanatha kudziwa ngati mtandawo unali weniweni kapena ayi, popeza ine ndemwe ndinali nditafafaniza chizindikiro. Ndinatsegula pakamwa. Iye anali atatsamira kale kunja ndi thupi lonse, chingwe chili tanta, dzanja likufikira liboni.

Mtanda unazuka. Phokoso lake linali ngati kung'amba chivundikiro cha chitini. Ottmar sanakuwe. Anali atagwira liboni, ndiye pogwa anakoka nkhata, liboni n'kuduka. Alendo atatembenuka anaona nkhata ikupita uku ndi uku, munthu palibe. Ndi chifukwa chake onse anakuuzani kuti nkhata inamumenya. Sananame, ananena zomwe maso awo anapeza. Koma nkhata inagwedezeka iye atagwa kale.

Nyumbayi imachepa ikamakwera, ndiye kum'mawa kuli khonde pa nsanjika ya 38. Anagwera pamenepo, mamita 14. Ndinathamanga pa masitepe, ndipo ndinafika ndekha, ena onse ankalimbirana chikepe. Inali 11:52. Anagona chagada, maso ali tong'o. Ndinamugwira pakhosi, panalibe kanthu. Pambali pake panali chidutswa cha mtanda cha mamita awiri, thovu likuoneka poduka, ndipo ngowe yake inali chikolere pomwepo.

Ndinaichotsa ngoweyo, n'kuikola pa lamba wake, momwe timayendera nayo tisanakole paliponse. Chidutswa cha mtanda ndinachikankha ndi phazi. Ndingathe kunena kuti ndinkafuna kumumasula, koma musalembe choncho. Munthuyo anali atapita kale. Ndinachotsa chifukwa ndinachita mantha. Ngoweyo inkanena kuti munthu wosamala anakola pabodza, ndipo wina akanafunsa kuti chikasu chinapita kuti. Zinanditengera masekondi osakwana khumi. Mnzanga wa zaka 22 ali gone, ine manja anga ankagwira ntchito yodzipulumutsa.

Nevzat anatsika pa kireni patatha mphindi 25. Nthawi imeneyo apolisi anali atafika. Mlendo wina wa taye, sindikumudziwa dzina, ananena mokweza kuti, "Anthu obwerawa mumawapatsiranji makina?" Nevzat sanamuyang'ane n'komwe. Anabwera kwa ine, nkhope ili mbuu.

"Akapitawo, ndinaima. Munati ima, ine ndinaima. Si choncho?"

Wapolisi anali pambali panga ndi kabuku. Ndinayankha kuti, "Sindikudziwa, Nevzat. Zinachitika mwachangu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa, n'kutsatira apolisi.

Loweruka pa 15 Juni, 7 koloko m'mawa, ndinapita kuntchito. Apolisi anali atatseka khonde la nsanjika ya 38 ndi kireni, koma padenga sanatseke. Ndinatenga penti wachikasu n'kubwezeretsa mphete zonse 24. Palibe amene anandituma tsiku limenelo. Ndikutsika cha m'ma 9 ndinakumana ndi Bambo Overbeck pachipata. Anayang'ana chitini chomwe chinali m'manja mwanga, n'kunena kuti, "Paja tinagwirizana kuti Loweruka." Ndinati, "Inde, bwana." Anandigwira paphewa. Mpaka lero sitinaonanenso.

Lolemba pa 17 kunabwera oyendera za chitetezo. Anapeza mphete zili m'malo mwake, anawerenga, anandiyamikira kuti ndimasunga bwino malo antchito. Analemba kuti nkhata inamenya mtanda ndi munthu yemwe, iye asanakole chingwe. Lachiwiri kampani inachotsa Nevzat ntchito. Anzake anandiuza kuti chiphaso chake choyendetsera kireni chalandidwa, ndipo loya wamuuza kuti khoti likamupeza wolakwa angathe kubwezedwa ku Turkey. Wakhala kuno zaka 19. Ana ake atatu anabadwira kuno, wamkulu akumaliza sukulu chaka chamawa. Ndinamva zonsezi ndili m'kantini, ndipo ndinamaliza supu wanga.

Maliro anali Lachisanu pa 21 Juni, 2 koloko masana, kumanda a ku Griesheim. Ine ndinali mmodzi wa onyamula bokosi. Mkazi wa malemu, Irmtraud, anandipempha kuti ndiime pambali pake, popeza mwana wawo ankalephera kudzigwira. Anthu atatha kuponya dothi mmodzimmodzi, ndinaona Nevzat akubwera kuchokera kumbuyo, atavala suti yakuda yomuthina. Anali atawonda. Amisiri ena anayamba kung'ung'udza, koma iye anangodutsa pakati pawo n'kudzaima pamaso pa Irmtraud, manja kumbuyo.

"Mayi, ndine ndinali pa kireni. Poyamba ndinkati ndinaima. Sabata yonseyi ndakhala ndikuliyang'ana dzanja ili, ndipo tsopano sindikudziwanso. Akapitawo awa sanandinamizepo zaka zonsezi. Ngati iwo akukayika, ndiye kuti dzanja langa linasuntha. Amuna anu ankandigawira khofi tsiku lililonse. Ndikhululukireni, mayi."

Irmtraud anatembenukira kwa ine. Anandigwira mkono mwamphamvu n'kunena kuti, "Alamu, ndichotsereni munthu uyu pamaso panga."

Ndinamuchotsa. Ndinamugwira chigongono n'kuyenda naye mpaka kuchipata, mamita ngati 200, anthu onse akuyang'ana.  Pachipata anatembenuka.

"Zikomo, akapitawo, posandikalipira pagulu. Mkazi wanga wayamba kale kulongedza. Ndamuuza kuti tisalimbane nazo, munthu wafa."

Anandipatsa dzanja, ndipo ndinalilandira. Kubisa ngowe ndinkatha kudziuza kuti anali mantha a kanthawi. Koma apa munthu wosalakwa anali atakhulupirira kuti anapha, chifukwa chongondikhulupirira ine. Ndinachita manyazi omwe sindinachitepo chibadwire. Loweruka ndi Lamlungu ndinakhala m'galaja kwathu osagwira chilichonse. Mkazi wanga ankaganiza kuti ndikulira mnzanga, n'kumandibweretsera tiyi. Dzulo masana ndinamuuza. Ananena mawu awiri okha, akuti, "Pita mawa," ndipo chiyambire pamenepo sanandilankhulenso.

Musangokhulupirira pakamwa panga, ndinakunamizanipo kale. Pitani padenga ndi mpeni, mukapale mphete iliyonse: pamwamba chikasu, pansi pake chofiira, pansi pakenso chikasu. Funsani zithunzi za tsiku la phwando kwa wojambula zithunzi uja, simupezamo mphete ngakhale imodzi. Anthu a malata akuuzani za thovu ndi amene analamula. Lamba wa Ottmar muli naye kuno, yang'anani mkati mwa ngowe, mupezamo penti wofiira. Za Bambo Overbeck ndanena zomwe ananena, osawonjezera. Iwo amadziwa zojambula, sanakolepo chingwe pa moyo wawo. Wodziwa tanthauzo la mphete ndinali ine, ndipo burashi inali m'manja mwanga.

Mwandifunsa ngati wina wandikakamiza kapena kundilonjeza kanthu kuti ndinene izi. Palibe. Mwandifunsanso ngati ndikudziwa kuti mlandu wa Nevzat tsopano ubwera kwa ine, pamodzi ndi wosokoneza umboni. Ndikudziwa. Ntchito ndiye yatha, zimenezo sindikufunsa n'komwe.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Nevzat mumuuze lero lomwe, musadikire makalata. Mutumize munthu kunyumba kwake akamuuze kuti anaima, dzanja lake silinasunthe, ndipo mkazi wake amasule katundu. Ine ndilibe nkhope yopita nayo kumeneko. Chachiwiri, ngati mukunditsekera, mundilole kaye ndifike kwa Irmtraud. Pochoka kumanda paja, nditabwerako kuchipata, anandiuza kuti, "Alamu, Lolemba 4 koloko mubwere kunyumba, ndidzaphika keke. Mudzandiuze bwinobwino mmene zinakhalira. Aliyense akunena zake, koma inu nokha ndi amene ndingakukhulupirireni." Pano ndi 2:30. Sindikufuna akamve kwa wapolisi kapena m'nyuzipepala. Anapempha kuti amve kwa ine, ndipo akamva kwa ine.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Mwandiwerengera zonse, ndipo zili momwe ndanenera.

Wopereka umboni: Winfried Kalbfleisch ______________________

Wolemba umboni: Wapolisi H. Brandau ______________________

Frankfurt, 24 Juni 1991